Luso Lowerenga Mano M'magulu

Zambiri za m'kamwa sizikwera pa sikelo. Dzino limakhala lobooka kapena losabooka. Mwana amatsuka mano kapena satsuka. Ofufuza amatsala ndi magulu otere, ndipo funso lowasowetsa tulo n'lakuti: kodi kusiyana kwa maguluwa n'kwenikweni, kapena kwangochitika mwamwayi?

Njira yoyankhira anaitulukira Karl Pearson ku London mu 1900, ndipo imatchedwa chi-square. Wofufuza amajambula tebulo: ana omwa madzi okhala ndi fluoride mzere wawo, osamwa mzere wawonso, ndipo mzere uliwonse amaugawa m'mabokosi awiri: a mano obooka ndi a mano osabooka. Kenako amawerengetsera manambala amene akanapezeka madziwo akanakhala kuti sasintha kanthu, n'kuwayerekeza ndi amene wapezadi. Akatalikirana kwambiri, n'zokayikitsa kuti mwayi wokha ndiwo chifukwa. Chimene ndimachitira ulemu pa lusoli ndi kudzichepetsa kwake: munthu amayamba wavomera kuti mwina palibe chimene wapeza, n'kudikira kuti manambala amutsutse. Ana akachepa moti bokosi lina likuyembekezera osakwana 5, chi-square siidalirika, ndiye amatembenukira ku njira ya Ronald Fisher.

Komabe tebulo silingapose maso a amene anasuzumira m'kamwamo. Mu 1934, dokotala wa mano wa ku America, H. Trendley Dean, anagawa m'magulu mawanga amene fluoride wochuluka amasiya pamano, kuyambira dzino labwinobwino, lokayikitsa, mpaka lowonongeka kwambiri. Madokotala awiri akasiyana maganizo pa dzino lokayikitsalo, masamu onse amapita pachabe. N'chifukwa chake kafukufuku asanayambe, amapima ana omwewo aliyense payekha, n'kuyerekeza zimene alemba mpaka atamaona mofanana.