Kamera yagwira nkhope, kugwa kwathawa

Mwa zithunzi zonse za anthu odumpha kuchokera mlengalenga ndi parachuti, chimene chili ndi moyo kuposa zinzake chinajambulidwa popanda dzanja la munthu kukhudza kamera. Pa 16 August 1960 msilikali wa ndege za nkhondo wa ku America, a Joseph Kittinger, anakwera ndi chibaluni kufika pa mtunda wa mamita 31,300 pamwamba pa chipululu cha New Mexico. Kuti mumvetse kutalika kwake, tengani phiri la Mulanje mulisanjikize kakhumi. Atafika kumeneko anaima pakhomo pa dengu la baluniyo n'kudziponya. Kamera ya filimu imene inamangiriridwa padengulo inatsala m'mwamba momwemo, n'kumajambula yokha munthu akunka natsika. Kumapeto kwa mwezi womwewo chithunzicho chinatuluka pachikuto cha magazini ya Life.

Chiyang'anitsitseni mukachipeza. Nkhope ya a Kittinger simukuiona. Mukungoona chinthu chooneka ngati mtolo, chovala malaya otukumuka, katundu ali kumsana, manja ndi miyendo zili balala, ndipo pansi pake kutali zedi kuli mitambo yoyera ngati thonje loyanika. Palibe chogwira. Woyang'anawe waima pamene panaima kamera, pamalo okhazikika, mnzako ndiye akukusiya. M'mimba mumachita kuti myuu. Pamene chithunzichi chimajambulidwa n'kuti dzanja lawo lamanja litatupa kawiri kukula kwake chifukwa golovesi inali itasiya kusunga mpweya pokwera paja, ndipo iwo sanauze anzawo apansi poopa kuti awabweza. Zimenezo pachithunzipo sizikuoneka, komabe mantha ake alipo ndithu.

Tsono yerekezani ndi zithunzi zimene kamera za dijito zatithira m'maso m'zaka 20 zapitazi. Ndisananene chimene chikundiwawa pa izo, ndiyambe ndafotokoza ntchito ya wojambula wa mlengalenga, poti ambirife timangoona chithunzi osadziwa thukuta lake.

Munthu akadumpha m'ndege pa mamita 4,000 amagwa pafupifupi mphindi imodzi yokha asanatsegule parachuti, pa liwiro la makilomita 200 pa ola. Manja sangagwire kamera, chifukwa manjawo ndi miyendo ndiye chiwongolero chake pamphepo. N'chifukwa chake kamera amaimangirira pachipewa cholimba cha kumutu, kutsogolo kwa diso n'kuikapo kamphete kolozera, ndipo batani lojambulira amaliika m'kamwa. Inde, m'kamwa: akaluma, kapena akakankha ndi lilime, kamera ija imajambula. Wojambulayo amalunjika ndi khosi, amasendera pafupi kapena kutali ndi thupi lonse, uku akuwerengera m'mutu kuti nthaka yatsala pati. Potsegula parachuti kulemera konse kwa kamera kumagwedeza khosi lomwelo. Si ntchito ya masewera. Bungwe la odumpha la ku America, USPA, limalangiza kuti munthu asanyamule kamera asanadumpheko maulendo 200, ndipo langizoli lili ndi pochokera: mu 1988 ku North Carolina wojambula wina wodziwa bwino ntchito yake anadumpha m'ndege maganizo onse ali pa kamera ya vidiyo, parachuti ataiwala kuvala. Mapanga awiri avumbwitsa, anatero akuluakulu.

M'masiku a filimu munthu ameneyu amakhala ndi zithunzi 36 basi, ndipo kusintha filimu uli m'malere n'kosatheka. Kuluma kulikonse kunali ndalama. Akatera amayenera kudikira kuti filimu akaitsuke kuti adziwe ngati wagwira kanthu kapena wangojambula thambo lopanda munthu. Kamera za dijito zoyambirira, za m'ma 1990, sizinamuthandize kwenikweni. Zinali zodula, ndipo zotchipirapo zinali ndi kaulesi kena kake: ukadina batani zimayamba zaganiza kaye, pofika pojambula anthu amene anagwirana manja aja atamwazikana kale. Zinthu zinatembenuka pamene kamera zofulumira zinatsika mtengo, makamaka kuyambira 2003 pomwe kampani ya Canon inatulutsa EOS 300D pa mtengo wosafika madola 1,000. Kenaka kunabwera timakamera ta GoPro tokhala ngati bokosi la machesi. Choseketsa n'chakuti GoPro yoyamba yeniyeni, ya 2004, inali ya filimu.

Ubwino wa kusinthaku ndi woonekeratu, ndipo wokana ndi wa kaduka. Kakhadi kamodzi kamasunga zithunzi mazanamazana. Wophunzira amatera n'kuona nthawi yomweyo pamene anapinda mwendo molakwika. Pa 8 February 2006 ku Udon Thani m'dziko la Thailand anthu 400 anagwirana manja ndi miyendo ali m'malere, n'kukhala chigwirizire kwa masekondi anayi ndi kanthu pang'ono. Oweruza sakanatha kukhala nawo kumwambako. Anadalira zimene ojambula anabwera nazo, kuzikulitsa, n'kumawerenga dzanja lililonse ngati lagwira pamene linayenera kugwira. Apa kamera inagwira ntchito ya mboni, ndipo inaigwira bwino. Chithunzi chake n'chokongolanso, chonga duwa lalikulu la mitundumitundu loyalidwa pamwamba pa minda.

Koma taonani mawu amene ndagwiritsa ntchitowo: duwa loyalidwa. Kodi duwa loyalidwa likugwa? Vuto langa lagona pamenepa. Wojambula ndi wojambulidwa akamagwa pa liwiro limodzi, pakati pawo palibe chimene chikuyenda. Zili ngati anthu awiri okhala mpando umodzi m'basi yothamanga: wina akamujambula mnzake, chithunzicho sichingakuuzeni ngati basiyo ikuuluka kapena ili pa depoti. Kamera ikamakhala yachangu ndi yakuthwa, ndi pamenenso imaumitsa chilichonse. Tsitsi limaima, malaya amaima, nthaka ili phee kumbuyoko. Anthu amaoneka ngati agona chafufumimba pa galasi. Luso lonse la wojambula, loti afike pafupi ndi kufananitsa liwiro lake ndi la mnzake, ndi lomwenso limachotsa kugwa m'chithunzi cha munthu wakugwa.

Vutoli linalipo ndi kale, filimu siinalithetse. Chimene dijito yachita n'kulichulukitsa mpaka lasanduka chizolowezi, kenaka malonda. Zithunzi zambiri za masiku ano ndi za alendo odumpha koyamba, omangiriridwa pachifuwa cha mlangizi. Kamera imakhala ndi wojambula amene wayandama patsogolo pawo, kapenanso padzanja la mlangizi yemweyo, mwina theka la mita kuchoka pamphuno ya mlendoyo. Mukaona chimodzi mwaona zonse. Masaya akupepheruka ndi mphepo, mano onse pamtunda, zala zazikulu m'mwamba. Chimasintha ndi chakumbuyo chokha: ku Dubai ndi chilumba chija anachimanga ngati mtengo wa kanjedza, ku Swakopmund m'dziko la Namibia ndi mchenga ndi nyanja. Nanga zikusiyana pati ndi situdiyo zija za m'tauni zokhala ndi chinsalu chopentedwa mathithi, pomwe umasankha kuti lero ndiime kutsogolo kwa ati? Chithunzi chotere ndi lisiti. Chimangotsimikiza kuti uje analipira, anakwera, anadumpha. Mwini wake chimamusangalatsa, ndipo ndi ufulu wake, koma ife ena chilibe chotiuza.

Ena adzati vuto ndi ojambula otchipa, kuti ndalama ndi zida zikakhalapo zambiri dijito imaonetsa mphamvu zake. Chabwino, tiyeni ku phwando lalikulu. Pa 14 October 2012 a Felix Baumgartner a ku Austria anakwera ndi chibaluni kuchokera ku Roswell, ku New Mexico komweko, n'kudumpha pa mtunda wa pafupifupi makilomita 39. Anathamanga kufika makilomita 1,357 pa ola, kuposa liwiro la mawu. Amene amalankhula nawo pa wailesi kuchokera pansi anali a Kittinger omwe aja, ali ndi zaka 84. Ulendowu unalipiridwa ndi kampani ya chakumwa ya Red Bull, ndipo makamera anali paliponse: m'chombo, kunja kwa chombo, pachifuwa ndi m'miyendo ya wodumphayo. Anthu pafupifupi 8 miliyoni anaonera nthawi imodzi pa YouTube.

Kulimba mtima kwa munthuyu sindikukutsutsa ayi. Anamwalira mu July 2025 ku Italy akuuluka ndithu. Ndikutsutsa zithunzizo. Choyamba chimene diso limakumana nacho ndi chizindikiro cha ng'ombe ziwiri zofiira, pachipewa, pachovala, pachombo. Chachiwiri ndi dziko lapansi lopindika ngati mpira, kuchita ngati munthuyo wafika kumwezi. Kupindika koteroko kwachuluka ndi kwa galasi la kamera, galasi lotambalala lija limene limakhotetsa chilichonse cha m'mphepete. Pa makilomita 39 dziko silioneka lozungulira chomwecho. Ndiye kuti chithunzi chakuthwa kwambiri, chimene ungawerenge nacho ulusi wa chovala, n'chomwenso chakometsera nkhani. Ndipo nthawi yoopsa koposa pa ulendo wonsewo, pamene thupi lawo linayamba kuzungulira mosalamulirika, kamera zomangiriridwa pathupi zimazungulira nawo limodzi. Mukaimitsa chithunzi chimodzi cha nthawi imeneyo mungoona munthu ali bwinobwino, dziko ndiye lapendekeka.

Kodi pa tsikulo panatuluka chithunzi chabwino? Chinatuluka chimodzi, ndipo n'chimene chimandilimbitsa pa mfundo yanga. Ndi chija chojambulidwa ndi kamera imene inatsala pachombo, kuyang'ana pansi, munthu atangochoka pa sitepe n'kuyamba kuchepa. Kunena kwina, patapita zaka 52, ndi ndalama zonsezo, anabwereza chithunzi cha a Kittinger. Chimagwira mtima pa chifukwa chomwe chija: kamera yakana kutsagana naye.

Pajatu patangopita zaka ziwiri, mu October 2014, a Alan Eustace, amene panthawiyo anali mmodzi wa akuluakulu a kampani ya Google, anadumpha kuchokera pamwamba kuposa pamenepo, makilomita opitirira 41, mwakachetechete, popanda ng'oma ya otsatsa malonda. Funsani anthu khumi lero kuti ndani anadumpha kuchokera kutali koposa, muone dzina limene angatchule. Amene ali ndi chithunzi ndiye ali ndi mbiri. N'chifukwa chake nkhani ya mmene zithunzizi zikujambulidwira siyochepa monga ikuonekera.

Ine sindili m'gulu la olira filimu. Mankhwala otsukira zithunzi analibe nzeru ina iliyonse, ndipo filimu inatulutsanso zinyalala zake zambirimbiri. Chimene zithunzi 36 zija zimachita n'kukakamiza munthu kuganiza asanakwere ndege: ndikufuna chiyani, ndikaima pati, dzuwa likakhala mbali iti. Lero kamera imatha kusiyidwa ikujambula yokha kuyambira pakhomo la ndege mpaka pansi, kusankha n'kukachitikira pa kompyuta madzulo, pakati pa zithunzi mazana zofanana ngati mazira. Ichi chakoma, ichi chakoma. Posankhapo chimapambana ndi chimene nkhope yaoneka bwino, chifukwa ndicho chigulidwe.

Chikhalirecho kamera ya dijito ndiyo ikanatha kuchita zimene filimu imaopa kuyesa, poti kulakwitsa sikuwononganso ndalama. Wojambula angathe kuchedwetsa kamera kuti nthaka ichite mizeremizere munthu ali pakati. Angathe kutsegula parachuti yake msanga n'kujambula anzake akumira pansi pake ngati miyala m'chitsime. Angathe kungotsala pakhomo la ndege, kapena kujambula nkhope ija mphindi imodzi isanafike nthawi yomwetulira, pamene chitseko changotseguka, mphepo yalowa, ndipo munthu wazindikira chimene walipirira. Zithunzi zoterozo zilipo, ojambula ena aluso amazitenga, koma muyenera kuzifunafuna pansi pa mulu wa mano ndi zala. Chovuta n'chakuti pafupifupi zonsezi zimaonetsa munthu ali wamng'ono, kapena ali ndi mantha, kapena atafulatira, ndipo mlendo amene wangotera kumene, miyendo ikunjenjemera, chikwama chili m'manja, safuna kugula chithunzi cha msana wake.