Msampha wa M'manda a ku Telos

Mlenje aliyense wa m'mbali mwa mtsinje wa Bua kapena wa Rusa, m'boma la Mchinji, amadziwa kuti msampha sautchera pamalo wamba. Wofuna mbewa amayamba waona mpita wake, kenaka nkuimika diwa ndi kuikapo nyambo ya mtedza wokazinga. Wofuna mbalame amapaka ulimbo pa nthambi imene mbalamezo zimatera popita kukamwa madzi. Wofuna nsomba amatchera mono pamene madzi apanikizana, ndipo khomo la monowo limalandira nsomba mokoma koma siliilolanso kutuluka. Akale pofuna nyama zikuluzikulu ankakumba mbuna pa mkwaso, nkuzika zisonga pansi pake, nkuphimba pamwamba ndi udzu. Misampha yonseyi ili ndi khalidwe limodzi: palibe umene umathamangitsa nyama. Nyama imabwera yokha, potsata chimene mtima wake ukufuna. Chotero ubwino wa msampha umayesedwa ndi m'mene mwini wake adaidziwira nyamayo.

Muyeso womwewu ngwoyenera kuyesera nkhani zopeka zimene muli munthu woipa wotchera anzake msampha. Nkhani yotere, ikakhala yosalongosoka, msampha wake umakhala wa mphamvu chabe: chingwe, mpeni, dzenje. Ikakhala yolongosoka, msamphawo umaulula mtima wa wokodwayo. Sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa The Tomb of the Cybermen, kunena kuti manda a anthu achitsulo, lili m'gulu lachiwirili, ngakhale nalonso lili ndi zilema zimene siziyenera kubisidwa.

Mbiri ya Sewerolo

Seweroli ndi chigawo cha nkhani yaitali ya Doctor Who imene bungwe la BBC ku England lidayamba kuonetsa pa 23 November 1963. Mwini nkhani amangotchedwa Doctor, ndiye kuti Dokotala, ngakhale ntchito yake si yochiza odwala. Iye ndi mlendo woyendayenda m'maiko a kumlengalenga ndi m'nyengo zakale ndi zam'tsogolo. Chigawo cha manda chidaonetsedwa m'magawo anayi, kuyambira pa 2 mpaka pa 23 September 1967. Adachilemba ndi Kit Pedler ndi Gerry Davis, ndipo Patrick Troughton ndiye adasewera ngati Dokotala.

Pa nthawiyo ku Malawi kunalibe wailesi ya kanema, pakuti yoyamba idatsegulidwa m'chaka cha 1999. Koma tsidya lina la malire, ku Zambia, nkhani za Doctor Who zidali kuonetsedwa m'zaka za m'ma 1960. Pambuyo pake BBC idafafaniza matepi ambiri a masewero akale, ndipo la mandali lidasowa kwa zaka zambiri, mpaka pamene mafilimu ake adapezeka ku Hong Kong nabwezedwa ku London m'chaka cha 1992. Chifukwa cha mwayi umenewo, lero munthu angathe kulionera ndi kuliweruza yekha.

Kit Pedler adali dokotala weniweni, wofufuza za matenda a maso. Chimene chidamuvutitsa maganizo ndi ichi: ngati madokotala apitiriza kuchotsa ziwalo zofooka ndi kuikapo zopanga, kodi pamapeto pake padzatsala munthu? Anthu achitsulo a m'seweroli adabadwa mu funso limenelo. Kale adali anthu a mnofu ndi magazi, koma adasintha chiwalo ndi chiwalo kufikira atachotsa ngakhale chisoni, mantha ndi chikondi. Iwo sabereka. Kuti achuluke ayenera kugwira anthu amoyo ndi kuwasandutsa kuti akhale monga iwowo.

Katcheredwe ka Msampha

Nkhani iyamba ndi gulu la anthu ofukula zakale, motsogozedwa ndi Professor Parry, amene afika pa dziko lotchedwa Telos kudzafuna manda a anthu achitsulo amene adazimirira zaka mazana ambiri zapitazo. Ndalama za ulendo zachokera kwa anthu awiri, mwamuna wotchedwa Klieg ndi mkazi wotchedwa Kaftan, ndipo Kaftan ali ndi wantchito wake wamphamvu, Toberman. Ataphwanya thanthwe, apeza zitseko ziwiri zikuluzikulu. Kaftan alonjeza mapaundi 50 kwa munthu amene atsegule. Mmodzi athamangira ndalamazo, agwira zitseko, ndipo moto wa magetsi umupha pomwepo.

Munthu wa ku Mchinji akaona zimenezi amadziwa msanga kuti anthuwa ayamba ulendo wao mwamphulupulu. Kwa Achewa, kumanda salowako popanda chilolezo cha mfumu, ndipo wodula ngakhale mtengo umodzi kumeneko amakhala ndi mlandu. Azungu amene adaonera seweroli mu 1967 nawonso adali ndi chikumbukiro chao: manda a Tutankhamun a ku Egypt amene Howard Carter adawatsegula m'chaka cha 1922, ndi mphekesera za tsoka zimene zidafala Lord Carnarvon atamwalira m'chaka chotsatira. Alembi adagwiritsa bwino ntchito mantha akalewa, amene ali pafupifupi mwa anthu a mitundu yonse.

Koma luso lenileni lili m'kati. Atalowa, alendo aja apeza chipinda cha zitsulo zokoka, ndipo khomo lotsikira kumanda silitseguka pokhapokha munthu atamasulira mwambi wovuta wa masamu. Klieg, amene ali wa m'gulu la anthu odzitama kuti amaganiza molunjika kuposa ena onse, alimbana nawo mwambiwo mpaka khomo litseguka. Pansi apeza anthu achitsulo ali gone m'zipinda zosanjikizana ngati zisa za njuchi, atauma ndi chisanu. Klieg ayamba kuwasungunula. Mnzake wina, Viner, ayesa kumuletsa, koma Klieg amuwombera. Cholinga chake tsono chioneka poyera: afuna kuti anthu achitsulo, pothokoza kuti wawadzutsa, amupatse mphamvu zolamulira dziko lapansi.

Apa ndi pamene diwa ligwa. Mtsogoleri wa anthu achitsulo atuluka, amugwira Klieg dzanja nkumufinya mpaka agwada, kenaka aulula kuti mandawo sadali manda. Iwo adadziwa kuti tsiku lina anthu adzabwera chifukwa cha chidwi. Adaika mwambi pakhomo kuti ukhale ngati lichero, lopeta mankhusu ndi kusiya maso a chimanga. Munthu wopusa sakadatha kutsegula. Wotsegula ayenera kukhala wanzeru, ndipo wanzeru ndiye ankamufuna kuti amusandutse wachitsulo. Nyambo ya msamphawu idali nzeru za mwini wake wokodwayo.

Akuluakulu adaidziwa kale nzeru imeneyi. Mu nthano ya chitsime, Kalulu adakana kukumba nawo koma ankabwera kudzaba madzi, namanga alonda amphamvu mmodzimmodzi powanyenga ndi uchi. Mphamvu zidalephera kumugwira. Adagwidwa pamene nyama zidadziwa kuti chofooka chake ndi kudzikhulupirira, pakuti amene wapambana kawirikawiri sayang'ananso pamene akuponda. Klieg ndi Kalulu wopanda nthabwala. Ndiye Nzeruzayekha amene adaviika nsima m'madzi, ndipo ngakhale atafinyidwa dzanja sasiya kukhulupirira kuti angathe kupangana nawo anthu achitsulo, kufikira mmodzi wa iwo amupha m'manda momwemo.

Mlandu wa Dokotala

Pali chinthu chimene chikweza seweroli pamwamba pa anzake ambiri. Klieg sadamasulire mwambi uja yekha. Dokotala, amene adachenjeza anthu kuti asakhudze kanthu, ndiye yemweyo adamuunikira njira ya masamu, ndipo pambuyo pake adakhudza chitsulo china mwakabisira kuti khomo litseguke. Chifukwa chimene apereka nchakuti adafuna kuona chimene Klieg adali nacho mumtima. Wina anganene kuti uku ndi kuchenjera kwa mlenje amene amalola fisi kulowa m'khola kuti amugwire ndi umboni. Koma mbuzi zimene zafa m'kholamo ndani azilipire? Anthu angapo adataya moyo chifukwa khomo lidatseguka.

Alembi sadamuimbe mlandu Dokotala poyera, komabe sadabisenso chimene adachita. Woonera wachidwi amatsala ndi ganizo losautsa, lakuti msampha uja udakola anthu awiri anzeru: wina chifukwa cha dyera, wina chifukwa cha chidwi. Nkhani imene ngwazi yake ili ndi banga lotere imakhalitsa m'mutu kuposa imene ngwazi yake ili yoyera mbee.

Chimene chimusiyanitsa Dokotala ndi Klieg chioneka usiku, pamene ena ali m'tulo. Victoria, mtsikana amene bambo wake adamwalira posachedwa, akhala naye pansi, ndipo Dokotala amutonthoza pomufotokozera m'mene iyenso amakumbukirira abale ake. Kachigawo kameneka nkakafupi, mulibe mfuti kapena kuthamanga, koma ndiko kagwira msana wa sewero lonse. Kaonetsa chuma chimene anthu achitsulo adataya ndi chimene afuna kulanda kwa ena.

Zilema za Sewerolo

Chilema choyamba chili pa msampha womwewo. Ngati anthu achitsulo ankafuna anthu amoyo, nanga bwanji m'chipinda china mudali mfuti yoyesera zida imene idapha Haydon, mmodzi wa ophunzira a gululo? Mlenje wanzeru satchera khwekhwe panjira yopita ku diwa lake. Ndiponso atadzuka, anthu achitsulo aoneka ofooka, ndipo ambiri abwerera m'zipinda zao posunga mphamvu. Otchera msampha wa zaka mazana akadakonzekera bwino tsiku la kuwonjola. Magawo awiri otsiriza, chifukwa cha ichi, sali olimba ngati awiri oyamba, ndipo Klieg ndi Kaftan atsekeredwa m'chipinda momwe muli chida, chinthu chimene ngakhale mwana wa sukulu sakadachita.

Chilema chachiwiri nchachikulu. Toberman, amene adaseweredwa ndi Roy Stewart wobadwira ku Jamaica, ndiye munthu wakuda yekhayo m'seweroli. Alembi adampatsa mapewa koma adamumana pakamwa. M'magawo onse anayi mau ake ngowerengeka. Atumidwa kutsegula zitseko, atumidwa kuononga chombo cha ulendo, ndipo anthu achitsulo atamugwira ayamba kumusandutsa, nampatsa mkono wachitsulo. Munthu amene agogo ake adasenza katundu wa Azungu pamutu ngati amtengatenga, kapena adapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, sangaone chithunzi chimenechi ndi mtima woyera. Ndi chithunzi chakale cha munthu wakuda amene phindu lake lili m'minofu yokha.

Komabe nkhani idawapitirira eni ake. Kaftan ataphedwa ndi mtsogoleri wa anthu achitsulo, Dokotala amudandaulira Toberman kuti akumbukire umunthu wake, ndipo chisoni chidula zingwe zimene adamumanga nazo m'maganizo. Pamapeto, Dokotala abwezera magetsi ku zitseko, koma mtsogoleri uja akankha kuti atuluke. Toberman ndiye atseka zitsekozo ndi manja ake, ndipo moto umupha. Anzeru onse adatsegula manda. Amene sadawerengedwe ndiye adawatseka. Msampha wopetera anthu a masamu udalephera pa munthu amene sudamuyese kanthu, pakuti otchera ake adaiwala kuwerengera chisoni. Tsono chodandaulitsa nchakuti otsala amusiya ali gone pakhomopo, popanda mwambo wa maliro, nanyamuka ulendo wao. Kumudzi, wofera anthu motero akadalira mudzi wonse.

Phindu Lake kwa Woonera wa Lero

Zovala za anthu achitsulo lero zioneka zachikale, ndipo pamalo pena chingwe chonyamulira munthu m'mwamba chimaoneka. Ana ozolowera mafilimu a pa foni angaseke. Koma zimenezi ndi khungu chabe. Msampha wa ku Telos udakali wamoyo, ndipo boma la m'malire ngati Mchinji limaudziwa bwino. Achinyamata ena adawoloka malire a ku Mwami atalonjezedwa ntchito yabwino m'minda ya fodya, nabwerako opanda kanthu. Ena adauzidwa kuti asankhidwa chifukwa ngophunzira, nakapezeka ali m'ukapolo ku maiko akutali, ziphaso zao zitalandidwa. Wonyenga wa masiku ano sakoka munthu ndi chingwe. Amamuuza kuti ngwanzeru kuposa anzake, kuti mwayi uwu si wa aliyense, ndipo munthuyo amatsegula yekha khomo, nkudzitama kuti walitsegula. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Pa chifukwa chimenechi seweroli liyenera kuonedwa ndi aphunzitsi pamodzi ndi ophunzira a makalasi apamwamba, ndipo atatha kuonera akambirane mafunso awiri: kodi Dokotala adalakwa pothandiza kutsegula khomo? Nanga nkhaniyi ikadakhala yotani Toberman akadapatsidwa mau? Alembi okha adasiya chenjezo lao pa chithunzi chotsiriza. Zitseko zatsekedwa, alendo apita, koma kachirombo kamodzi kachitsulo, mwa tija anthu achitsulo ankatuma, kapulumuka ndipo kali kukwawa panja pa manda.