MWANA WOKANA NDI MWANA WOVOMERA: Maganizo pa Mateyu 21:28-32

Mwa mafanizo onse a m'Chipangano Chatsopano, la ana awiri ndi limodzi mwa amene alaliki amawadutsa mothamanga, monga achitira munthu podutsa pakhomo pamene ali ndi ngongole. Mulibe zokometsera zija za m'nkhani ya mwana wolowerera: mphete, mwanawang'ombe wonenepa ndi kukumbatirana. Nkhani yeniyeni ingotha m'mavesi atatu. Bambo wina ali ndi ana awiri ndi munda wamphesa. Atuma mmodzi kuti akagwire ntchito kumundako tsiku lomwelo. Mwanayo akana poyera, koma pambuyo pake asintha mtima napita. Atuma winayo, iye avomera mwaulemu, koma kumunda osapondako. Kenaka Yesu afunsa omumvetsera kuti mwa awiriwo adachita kufuna kwa bambo wake ndani. Ine ndifuna kuliwerenga fanizoli monga tiwerengera nkhani yaifupi iliyonse imene mnzathu wabwera nayo pamsonkhano wa alembi, kuona m'mene lidamangidwira, pamene lili lolimba ndi pamene msoko wake ukuonekera. Zaulaliki ndisiyira eni ake.

Tiyambe ndi malo amene Mateyu adaliika. Yesu walowa mu Yerusalemu, wagubuduza matebulo a osinthitsa ndalama m'Kachisi, ndipo m'mawa mwake watemberera mkuyu wa masamba okhaokha. Ali kuphunzitsa m'Kachisimo, akulu a ansembe ndi akulu a anthu amufunsa kuti zimenezi akuzichita ndi ulamuliro wanji, ndipo adampatsa ulamulirowo ndani. Tisafulumire kuwaseka akuluakuluwa. Kachisi adali m'manja mwawo, ndipo chipolowe chikadabuka pa nyengo ya Paska, oyamba kufunsidwa ndi Aroma akadakhala iwowo. Mlendo wochokera ku Galileya akafika nayamba kupirikitsa anthu pabwalo pako, uli ndi chifukwa chomufunsira kuti watumidwa ndi yani. Koma Yesu abweza funso: kodi ubatizo wa Yohane udachokera kumwamba kapena kwa anthu? Apa Mateyu atilowetsa mu upo wawo. Akati kumwamba, afunsidwa chifukwa chimene sadamkhulupirire. Akati kwa anthu, khamu liwaukira, popeza lidamuyesa Yohane mneneri. Tsono ayankha kuti sadziwa. Onani kuti m'kunong'onezana konseko palibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti zoona zake n'ziti; maso awo onse ali pa khamu. Anthu amene adadza kudzafunsa mnzawo za ulamuliro aulula okha kuti ulamuliro wawo watsamira pa mantha.

Marko ndi Luka nawonso ali ndi mkangano umenewu, ndipo onse awiri achoka pamenepa kupita ku fanizo la alimi obwereka munda. Mateyu yekha ndiye alowetsapo ana awiriwa pakati. Ndiganiza kuti adadziwa chimene ankachita. Anthu amene angonena kumene kuti sadziwa apatsidwa funso limene ngakhale mwana wa Sitandade 1 sangati salidziwa. Ayankha msanga, ndipo poyankhapo adzigamulira okha mlandu. Msampha wotere ngwakale. Mneneri Natani adautchera mfumu Davide ndi nkhani ya kamwanawankhosa ka munthu wosauka (2 Samueli 12), ndipo aliyense amene adakhalapo pabwalo la milandu kumudzi adaonapo nkhalamba ikuponya mwambi, wolakwa naseka nawo pamodzi ndi anzake, osadziwa kuti mwambiwo ukunena iye.

Kodi funsolo nlapafupi monga lionekera? Ine ndikukaika. Taonani mayankhidwe a anawo m'Chigriki chimene Mateyu adalembamo. Wokana uja angotulutsa mau awiri owuma, opanda ndi dzina laulemu lomwe. Wovomera uja atchula bambo wake kuti kyrie, ndiye kuti mbuye, liwu lomwe lija la pa Mateyu 7:21, pamene Yesu achenjeza kuti kumutchula Iye Ambuye sikulowetsa munthu mu Ufumu. Ife amene tidakula tikuyankha kuti "Wawa" akulu akatiitana timva bwino kulemera kwa zimenezi. Mwana wouza bambo wake pamaso kuti safuna ndi mwana wopanda mwambo, ndipo ngakhale atakalima mizere makumi awiri madzulo ake, mau aja satha m'makutu mwa amene adawamva. Ku Palestina wa nthawi imeneyo ulemu wa bambo pamaso pa anthu sudali chinthu chochepa. Choncho ana onse awiri adalakwa, wina ndi pakamwa, wina ndi manja. Luso la wokamba fanizo lili pa kuchepetsa funso. Sadafunse kuti adalemekeza bambo ndani, kapena mwana wabwino ndi uti. Adafunsa za kuchita kokha. Adachotsamonso ana ena awiri amene akadatha kukhalapo: wovomera napita, amene womvetsera aliyense akadathamangira kubisala kumbuyo kwake, ndi wokana osapita, monga Kalulu wa m'nthano uja adakana kukumba nawo chitsime koma madzi namwa. Watsala ndi ana awiri opunduka mbali imodziimodzi, ndipo uyenera kusankhapo.

Kuti kusankhako kudavuta anthu, umboni wake uli m'mabuku akale olembedwa pamanja. Fanizoli lidatifikira m'maonekedwe atatu. Mu Codex Sinaiticus, buku la zaka za m'ma 300 limene mbali yake yaikulu ikusungidwa ku London, woyamba ndiye wokana napita, ndipo ansembe ayankha kuti womvera ndi woyambayo. Mu Codex Vaticanus, la zaka zomwezo, anawo asinthana malo: ayamba ndi wovomera, wokana adza pambuyo, ndipo yankho likhala lakuti wotsiriza. Apa tanthauzo silisintha, ndipo n'chifukwa chake Baibulo la King James la 1611 ndi New English Bible, limene Chipangano chake Chatsopano chidatuluka mu 1961, asiyana pa mndandanda wa anawa popanda kutsutsana. Koma mu Codex Bezae, la cha m'ma 400, limene Theodore Beza adapereka ku Cambridge mu 1581, muli zodabwitsa. Woyamba akana napita, wachiwiri avomera osapita, ndipo ansembe ayankha kuti amene adachita kufuna kwa bambo ndi wotsirizayo, wovomera pakamwa uja! Jerome adawadziwa mawerengedwe amenewa, ndipo adaganiza kuti ngati ali oona, ndiye kuti ansembewo adayankha mokhota dala atauona msampha. Akatswiri ambiri salandira za Bezae ngati zoyambirira, ndipo ine sinditsutsana nawo. Komabe monga wowerenga nkhani ndivomera kuti ansembe a mu Bezae ndiwo akufanana kwambiri ndi aja adati sadziwa za Yohane. Munthu amene wazemba funso loyamba sagwa chagada pa lachiwiri.

Tsopano ndifike pa chimene ndichiyesa mtima wa fanizoli, ndicho kukhala chete kwa bambo. Mwana amukana pamaso, iye osakalipa, osatenga chikoti, osaopseza za cholowa. Angotembenuka napita kwa winayo ndi mau omwewo. Madzulo sitimuona akuwerengera anawo ntchito, ndipo sitimva kuti wina adalangidwa kapena kuyamikidwa. Yerekezani ndi mafanizo awiri otsatira. La alimi obwereka munda litha ndi chiweruzo cha kuonongedwa kwa alimiwo, ndipo m'la phwando laukwati (Mateyu 22:1-14) mfumu itentha mzinda, pomaliza munthu naponyedwa kunja mumdima. Mwa atatuwa, la ana awiri lokha ndilo lilibe chilango. Bambo ameneyu alankhula kamodzi kwa mwana aliyense, ndipo liwu lomuitanira ndi teknon, mwana wanga, liwu lapanyumba. Ulamuliro wake ngwotheka kuukana, ndipo n'chifukwa chake tikutha kuona kuti mwana adapita kumunda uja adapita yekha. Akadakhala kuti adakokedwa, funso la Yesu likadakhala lopanda mutu, pakuti ng'ombe ya pagoli siifunsidwa ngati idachita kufuna kwa mwini ngolo. Ili ndilo yankho limene Yesu adakana kupereka poyera pa vesi 27, ndipo alipereka mozungulira: ulamuliro wa Yohane udaoneka poti okhometsa msonkho ndi akazi adama adasintha moyo wawo popanda msilikali wowaperekeza ku Yordano.

Chichewa chathu chitithandiza pano, komanso chitisokoneza. Kumvera kudachokera ku kumva, monga zilili m'Chigriki ndi m'Chihebri momwe, m'mene liwu la kumvera lidamera pa liwu la kumva ndi khutu. Womvera ndi amene mau amulowa. Koma liwu lomweli lidagwira ntchito ina m'dziko muno. Pa nthawi ya chipani chimodzi cha Dr. H. Kamuzu Banda, kumvera kudali imodzi mwa ngodya zinayi, pamodzi ndi umodzi, kukhulupirika ndi kusunga mwambo, ndipo munthu wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pa chipata cha msika kapena pokwera basi. Pamene kukana kuli ndi mtengo wotere, kuvomera kutaya tanthauzo, ndipo mwana wovomera osapita asanduka munthu wanzeru amene akupulumutsa khosi lake. Anthu omwe adaomba m'manja zaka pafupifupi makumi atatu ndiwo adasankha zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 June 1993, chaka chimodzi ndi miyezi itatu chiwerengedwere kalata ya maepiskopi a Chikatolika ija ya pa 8 March 1992. Ndikutchula izi chifukwa wowerenga wa kuno akhoza kumumvera chisoni mwana wovomera uja, poganiza za makolo ake. Chisonicho n'chomveka, koma m'fanizo muno chilibe malo, popeza bambo wa m'fanizo sadaopseze munthu. Wovomerayu adanama popanda womukakamiza. Ndipo mbusa kapena mneneri aliyense wa masiku ano amene atenga ndimeyi kuti aumirize nkhosa zake kumumvera iye, ayambe waonetsa kuti angathe kumva "iyayi" wa mwana wa mumpingo mwake nakhala chete monga bambo uja.

Søren Kierkegaard, m'buku lake la 1847 lonena za ntchito za chikondi, adaona mbali ina. Kwa iye choopsa cha kuvomera msanga n'chakuti lonjezo limagoneka munthu tulo, namadziona ngati wachita kale kanthu, pamene wokana atsala ndi chinthu chomubaya mumtima. Ndigwirizana naye. Wovomera uja mwina sadali wabodza wochita kukonzekera. Mwina ankati apita dzuwa likapepa.

Msoko wa nkhaniyi uli pa vesi 32, ndipo sindifuna kuubisa. Pamenepo fanizo limasuliridwa ponena za Yohane Mbatizi: ansembe sadamkhulupirire, amisonkho ndi akazi adama adamkhulupirira. Koma kodi ansembe adayamba amuvomera liti Yohane kuti afanane ndi mwana wovomera? Nanga amisonkho adayamba amukana liti? Chovalacho sichikukwana bwino. Joachim Jeremias, m'buku lake la mafanizo la 1947, adati vesili lidali mau apadera, ofanana ndi a pa Luka 7:29-30, amene adalumikizidwa ku fanizoli pambuyo pake, ndipo ndiona kuti adalondola. Tingalipulumutse ponena kuti kuvomera kwa ansembe kudali udindo wawo womwewo, mikanjo ndi mapemphero, ndipo kukana kwa amisonkho kudali moyo wawo wakale. Koma apo tayamba kusoka tokha. Chimene sindilandira konse ndi mamasulidwe akale, amene apezeka ngakhale kwa John Chrysostom, akuti wovomera ndi Ayuda ndipo wokana ndi anthu a mitundu ina. Amisonkho ndi akazi otchulidwawo adali Ayuda, Yohane adali Myuda, wokamba fanizo yemwe adali Myuda. Mkanganowu ngwa m'nyumba imodzi, pakati pa okhala kumpando ndi okhala kukhomo. Kuusandutsa mlandu wa mtundu wonse ndi njira yabwino yoti Mkhristu wokhala kumpando aliwerenge fanizoli osamva kutsinidwa khutu. Ndipo liwu la pa vesi 31 likuti onyozekawo atsogola polowa, zimene zisiya chitseko chosatseka kwa otsalira.

Pomaliza pali liwu limodzi limene landikhalitsa pansi nthawi yaitali. Pofotokoza kusintha kwa mwana wokana, Mateyu sadagwiritse liwu lija la kutembenuka mtima limene Yohane ndi Yesu adayamba nalo ulaliki wawo (3:2 ndi 4:17). Adasankha lina, metamelomai, lonena za kumva chisoni ndi chimene wachita, kudziguguda. Satiuza chimene chidamusintha mnyamatayo, kaya manyazi, kaya nkhope ya bambo wake potembenuka. Liwuli libweranso pa vesi 32, ponena kuti ansembe sadadzigugude ngakhale ataona ena akukhulupirira. Kenaka Mateyu alisunga mpaka pa 27:3, pamene alipereka kwa Yudasi. Nayenso adadziguguda, nayenso adanyamuka napita. Adapita ndi ndalama zasiliva 30 zija kwa akulu a ansembe ndi akulu a anthu, gulu lomwe lija lidafunsa za ulamuliro m'Kachisi, ndipo iwo adamuuza kuti zimenezo n'zake. Ndalamazo adakagulira munda.