Chovala cha Panjinga: Kodi Vuto Lili pa Nsalu Kapena pa Chitsulo?

Boma la Mangochi ndi dziko la njinga zakapalasa. Kuchokera ku Mpondasi mpaka ku Makawa, ndiponso kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi kuloŵera ku Malindi, malo a m'mbali mwa nyanja ndi achidikha, kotero njinga ndiyo bulu wa mabanja ambiri. Imasenza madengu a usipa, matumba a makala, odwala ndi ana a sukulu, ndipo anyamata a kabaza amadyetsa mabanja awo ndi mphamvu ya m'miyendo. Popeza njinga timaidziŵa motere, tili nawo ufulu woweruza chovala china chogulitsidwa m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America, chosokedwera dala munthu wopalasa njinga popita kuntchito kapena kumsika.

Ku America chovalachi amachitcha knickers, kufupikitsa dzina lakale lakuti knickerbockers. Ndi buluku wolekeza m'munsi mwa bondo, womanga ndi batani kapena kalamba. Iye sali ngati kabudula wothina wa anthu a mpikisano. Amaoneka ngati chovala cha masiku onse, kuti munthu akatsika panjinga aloŵe mu ofesi osasintha. Nsalu yake imatamuka, pokhalira ndi polimba, ndipo msoko wapakati amausuntha kuti usagone pachishalo. Mtengo wake tsono ndi wa anthu opeza bwino.

Tiyambe ndi kuyamikira. Amene anaganiza chovalachi anaona mavuto enieni atatu. Loyamba, tcheni ili kudzanja lamanja, ndipo imagwira mwendo wa buluku, kuudetsa ndi girisi kapena kuung'amba kumene. Lachiŵiri, msoko wokhuthala ukakumana ndi thukuta umasupula khungu, ndipo amene anapalasapo njinga pa dzuŵa la Okutobala m'mbali mwa Shire safuna mphunzitsi pa nkhaniyi. Lachitatu, buluku wa munthu wa njinga amayamba kutha pokhalira miyendo ikali yatsopano. Wakabaza amazidziŵa zonsezi. Ndicho chifukwa chake amapinda mwendo umodzi, kapena kuuloŵetsa m'sokosi, kapena kuumanga ndi mphira. Nzeru yakuti chovala chiyenerane ndi ntchito ndi yabwino, ndipo sitiitsutsa.

Komabe nkhani ya zovala panjinga siinakhalepo ya nsalu yokha. Mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya tcheni yofanana ndi yathu ya lero, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop anabweretsa tayala lopopa mpweya. Akazi a ku England atayamba kukwera, masiketi awo aatali ankakodwa m'mateyala, ndipo ena anayamba kuvala mabuluku otaya olekeza m'mawondo. Mu 1898 Lady Harberton, mmodzi wa amene anayambitsa Rational Dress Society mu 1881, anakanizidwa kudyera m'chipinda cha alendo pa hotela ina ku Surrey chifukwa cha chovala chotere. Mlandu utapita kukhoti mu 1899, mwini hotelayo anapezeka wosalakwa. Mkangano wa nsalu unabisa funso lalikulu lakuti: ndani ali ndi ufulu woyenda yekha?

Kuno kwathu funsoli si lachilendo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi a m'Malaŵi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi poyera, ndipo linathetsedwa pambuyo pa referendamu ya 1993. Ngakhale zinatero, mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula akazi ovala mabuluku, mpaka amayi anasonkhana ku Blantyre kudzatsutsa nkhanzayo. Kuvula munthu pamsewu si kusunga mwambo ai, ndi kuunyoza. Koma tisanamizanenso: kunyanja kuno amayi ambiri, Asilamu ndi Akhristu omwe, amakonda chitenje ndi diresi lalitali mwa kufuna kwawo, ndipo abambo ambiri amapita kumzikiti atavala mkanjo. Buluku wolekeza m'bondo sangapite nawo kumaliro kapena kukaona apongozi. Chovala chimene chiiŵala theka la apaulendo a pamsewu wathu sichingatchedwe yankho.

Tsono apa ndipo pali cholakwa chachikulu cha chovalachi: chikonza munthu m'malo mokonza njinga. Makolo athu ankapalasa Raleigh ndi Humber, pambuyo pake Phoenix ndi Hero, atavala buluku wosita ndi jekete, nafika ali oyera, chifukwa njingazo zinkabwera ndi chovindikira tcheni ndi madigadi. Kenaka tinakopeka ndi njinga za magiya zakaunjika, zopangidwira maseŵera a m'mapiri, za tcheni yapamtunda. Walira mvula walira matope. Zimathandizadi pa chitunda cha ku Namwera, koma m'chidikha zimangodya mabuluku. Opanga anayamba achotsa chitsulo choteteza nsalu, kenaka ena nabwera kudzagulitsa nsalu yothaŵa chitsulo. Wogula alipira kaŵiri.

Ku Netherlands, kumene njinga ndi zambiri kuposa anthu, aphunzitsi, agogo ndi ana amapalasa atavala zovala za masiku onse. Chinsinsi chili pa njinga. Tcheni amaitsekera m'bokosi, mbali ziŵiri za tayala lam'mbuyo amazitchinga kuti jasi kapena siketi isagwidwe ndi masipoko, ndipo njinga zambiri zilibe chitsulo chopingasa pakati, moti munthu amakwera osaponya mwendo. Chotchinga chomwecho chingateteze chitenje cha mayi wokhala cham'mbali pa kaliyala wa kabaza, ndi chidendene cha mwana wokwezedwa kumbuyo, chimene masipoko amachisenda kaŵirikaŵiri. Kodi amisiri athu okhoma ndowa ndi mbaula angalephere kupinda lata yovindikira tcheni? Kodi owotcherera zitsulo angalephere kuika timawaya kumbali kwa tayala?

Sitinena kuti chovala chakunjacho chilibe chotiphunzitsa. Atelala a m'makonde a sitolo angatengeko nzeru zake popanda kutenga mtengo wake. Asokere kansalu ka ngodya zinayi pakati pa miyendo, kuti misoko isakumane pamalo amodzi. Aike nsalu ziŵiri pokhalira buluku akali watsopano, osadikira chigamba. Aike batani ndi kalamba pa kakolo, kuti munthu amange mwendo pokwera ndi kumasula potsika, buluku nakhalabe wamtali ndi waulemu. Kwa amayi, buluku wotaya wa thonje wovala mkati mwa chitenje, monga ena achitira kale, kapena siketi yogaŵa pakati imene munthu akaima imaoneka ngati siketi ina iliyonse. Thonje limapitisa mphepo, pamene nailoni wa pa kaunjika amasunga kutentha. Ndipo popeza misewu yathu yambiri ilibe magetsi, kansalu konyezimira kosokerera kumiyendo kangapulumutse moyo galimoto ikamabwera usiku.

Chiweruzo chathu tsono ndi ichi: funso la chovalachi ndi loona, koma yankho lake ndi la eni ake. Ife tili nalo lathu, ndipo lili pafupi, kwa telala ndi kwa wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango.

Makolo, nkhaniyi ili m'nyumba mwanu. M'banja mukakhala njinga imodzi, kaŵirikaŵiri imapita kwa mnyamata, ndipo chifukwa choperekedwa ndi chakuti mtsikana sangakwere bwino ndi siketi ya yunifolomu. Motero mlongo wake amayenda wapansi mtunda wautali, nafika m'kalasi atatopa, phunziro loyamba litatha, nabwerera dzuŵa litapendeka. Chovindikira tcheni, chotchinga masipoko ndi kabudula wamtali wa mkati mwa siketi si zinthu za ndalama zambiri. Teremu isanayambe, tengani njingayo pamodzi ndi mwana wanu wamkazi, mupite nawo kwa mmisiri, muone ngati chifukwa chija chidzatsalabe.