Mayi wa m'nkhani zathu akapita kukatumikira, pakhomo amatsala ndani?

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye mundipirire, chifukwa ndikhudza nkhani zomwe ena mwa inu mudazilemba ndi mtima wonse.

M'miyezi yapitayi tawerenga pano nkhani zingapo za mayi amene ali ndi banja koma amagwiranso ntchito yongodzipereka. Wina amaphika phala kusukulu, wina ndi wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, wina amalera ana kusukulu ya mmera mpoyamba. Mutuwu ndi wabwino ndipo ndi wathuwathu. Koma nditaziwerenganso zonse motsatizana, ndaona kuti amayi amene tikulemba ndi awiri okha, timangowasintha maina ndi zitenje.

Woyamba ndi mngelo. Amadzuka tambala asanalire, amasesa, amatunga madzi, amaphikira ana amasiye, amasambitsa odwala, madzulo n'kulandira bambo akumwetulira. Sakwiya, msana sumupweteka, ndalama sizimuthera. Nkhani ikamatha iye amamwalira, mudzi wonse n'kulira, abusa n'kumuyamikira pamanda. Wachiwiri ndi woyendayenda. Amavala yunifolomu m'mawa, kubwerako dzuwa litalowa, pamoto pali zii. Mathero ake mukuwadziwa kale: bambo akwatira wina, kapena mwana wamkazi atenga mimba, mayi n'kutsala akulira kuti ndikadadziwa. Mlembi amatseka ndi mwambi, ife m'munsimu n'kumalemba kuti phunziro labwino zedi.

Ndikufunseni inu amene mukuwerenga: mwa amayi awiriwa, ndi uti amene mwayandikana naye nyumba? Ine sindinakumanepo naye ngakhale mmodzi, chonsecho amayi otumikira ndimakhala nawo tsiku lililonse, ndipo ndine mmodzi wa iwo.

Tengani za phala. Bungwe la Mary's Meals lidayamba kudyetsa ana a sukulu kuno ku Malawi mu 2002, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ophika phalalo ndi anthu a m'deralo ongodzipereka, ambiri mwa iwo amayi. Kuti mwana amwe phala m'mawa, pali munthu amene wafika kukhitchini ya sukulu kukadali mdima, watunga madzi odzaza mpoto waukulu uja, wasonkha moto, watakasa mpaka mapewa kuwawa, wagawa, watsuka. Tsiku langa likafika, ndimadziwiratu kuti kopikula tomato sindipezekako m'mawa. Ndikafika mochedwa wabwino watha, ndimatenga wotsala pamtengo womwewo. Benchi langa ndimasiyira mnzanga wogulitsa anyezi, ndipo iye sangasiye kasitomala wake kuti akakamire wanga. Ndikamawerengera madzulo, phala lija limakhala litadya ndithu pampamba wanga. M'nkhani zathu masamu amenewa mulibe. Mayi amangochoka pakhomo n'kupezeka ali kusukulu, ngati kuti tsiku lake lili ndi maola ochuluka kuposa la anzake.

Chachiwiri chimene chikusowa ndi munthu wotsala pakhomo. Mayi akagona kusiwa masiku awiri, wina wake amasambitsa kamwana, amapita kuchigayo, amakoleza mbaula. Kawirikawiri ameneyo ndi mwana wamkazi wamkulu, wa Sitandade 7 kapena 8, amene mawa lake akawodzere m'kalasi. Alembi athu mwana ameneyu amamukumbukira pokhapokha akafuna kumupatsa mimba kuti alange mayi ake. Koma nkhani yeniyeni ili pa iyeyo: amawakonda mayi ake, amanyadira akamawaona akutsogolera nyimbo pamaliro, komanso mumtima amawakwiyira. Mwana wotere ndani wamulembapo pano?

Chachitatu ndi chifukwa chimene mayiyo amapitira. Nkhani za mngelo zimati ndi chikondi basi. Nkhani za woyendayenda zimati ndi kufuna kutchuka basi. Tinene zoona, abale. Chikondi chilipo, kuopa Mulungu kulipo. Koma palinso kuti kumudzi ndi m'makwalala mwathu anthu amaona amene amabwera pamaliro ndi amene sabwera, ndipo mwina amalemba ndithu m'kaundula. Ukamajomba pa zovuta za anzako, tsiku lako likadzafika udzaphika wekha. Paja amati kupatsa n'kuika. Palinso kuti kwa amayi ena, kugulu ndi malo okhawo kumene amaitanidwa kuti amayi mlembi kapena amayi msungichuma, kumene akalankhula anthu amakhala chete n'kumvetsera. Kunyumba ndi make uje basi. Winanso amapita chifukwa pakhomo pali phokoso, ndipo maola awiri a kwaya ndiwo mpumulo wake. Zifukwa zonsezi zimatha kukhala mwa munthu mmodzi tsiku limodzi, ndipo mlembi amene angasankhepo chimodzi chokha watipatsa chithunzi cha pakalendala.

Pa nkhani zonsezi pali imodzi imene idandigwira mtima, ndipo mlembi wake adzizindikira yekha. Muli malo pamene mayi akukonzekera kupita kukaona odwala kuchipatala, mwana wake wamkazi akumusitira bulauzi yoyera ndi simbi ya makala. Khala limodzi lidagwera pakolala n'kuboola. Mayi uja adamuwomba mwanayo khofi, kenaka n'kuphimba pobookapo ndi nsonga ya mpango, ulendo kukapempherera odwala. Ali pakati pa pemphero, dzanja lija lidayamba kumuyabwa. Pamenepo ndidaika foni pansi, chifukwa mayi ameneyo ndimamudziwa. Mlembi sadatiuze kuti ndi woipa kapena wabwino, adangotionetsa kolala ndi dzanja. Koma ndime zitatu zotsatira, eee, bambo adabwera ndi mkazi wina, nkhani n'kuthera m'msewu wakale womwe uja. Achimwene, nkhani yanu idathera pa dzanja loyabwalo. Zotsatirazo mudalembera mayeso.

Ndikuti mayeso chifukwa ndikuganiza kuti ndi kumene matendawa tidawatengera. Tonse amene tidafika kusekondale tikukumbukira funso lija la m'kalasi ya Chichewa, lakuti mwaphunzirapo chiyani pa nkhaniyi. Tidazolowera kuti nkhani iliyonse izikhala ndi yankho lokwana mzere umodzi. Mwambowu ndi wakale ndithu. Buku la Nthondo, lomwe Samuel Ntara adalemba ali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma n'kutuluka mu 1933, limatsata munthu wosokonekera mpaka kutembenuka mtima. Masewero monga Tikuferanji ndi Zimachitika nawo adapangidwa kuti aphunzitse, ndipo ntchito imeneyo amaigwira bwino. Sindikunyoza zimenezi. Koma Nthondo adapatsidwa buku lathunthu kuti alakwe, ayende, abwerere. Mayi wathu timamupatsa masamba atatu, ndipo chigamulo chimakhala chitalembedwa kale asanatsegule pakamwa.

Wina anena kuti amayi otaya pakhomo chifukwa cha magulu alipo. Alipodi, sindikukana, ndipo ana awo amavutika zenizeni. Lembani za iwo. Koma mukamalemba mufunsenso kuti bambo anali kuti pamene nsima sinaphikidwe. M'nkhani zonse ndawerengazi, bambo amakhala pampando kudikira, ndipo palibe mlembi amene adadabwa nazo. Bambo yemweyo akakhala tcheyamani wa komiti ya sukulu kapena mkulu wa mpingo, n'kumabwera usiku, sitimulembera nkhani yoti mkazi wake adathawa. Timati ndi munthu wodalirika. Ndiye taganizani mtsikana wa Fomu 2 amene akuwerenga pagulu pano. Tikumuuza kuti njira zake ndi ziwiri: atumikire mpaka kufa osadandaula, kapena akhale pakhomo kuopa kulandidwa banja. Taganizaninso bambo amene akufuna chifukwa choletsera mkazi wake kupita kubanki m'khonde kapena kugulu la amayi. Nkhani zathu zamupatsa kale mawu oti anene.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe, masukulu adasanduka malo ogona anthu othawa. M'malo amenewo munali amayi amene ankaphikira anzawo pamene nawonso nyumba zawo zinali zitagwa. Ndikudziwa mmodzi amene ankagawa chakudya masana onse, usiku n'kumakangana ndi mwamuna wake chifukwa adapereka bulangete lawo lomaliza kwa gogo wina. Mpaka lero akaikamba nkhaniyi sanena kuti adachita bwino kapena adalakwa, amangoti ana ake adagona akunjenjemera. Nkhani ngati imeneyo sifuna mwambi kumapeto, ndipo pano sinalembedwe.

Pempho langa kwa inu olemba ndi laling'ono. Musanalembe za mayi wotumikira, mupezeni mmodzi, mayi anu, azakhali anu kapena aneba, mumufunse za dzulo lokha. Adadzuka nthawi yanji, adasiya chiyani chosachita, chopereka cha maliro adachitenga pa ndalama ya chiyani, adakalipira ndani, ndipo adadya nthawi yanji. Lembani zimenezo mwandondomeko yake, musamuphe ndipo musamulande mwamuna. Mukaona kuti nkhaniyo ikukana kutha ndi phunziro, isiyeni choncho, ife owerenga tikangana tokha.

Amene simukugwirizana nane lembani momasuka, makamaka inu eni nkhani zija. Ndiyankha mawa madzulo, chifukwa m'mawa ndi tsiku langa la phala, ndipo mnzanga wa anyezi uja sindinamupemphebe za benchi.