Wapolisi Wopusa ndi Chilankhulo Chake: Maganizo pa The Naked Gun ya 2025

M'chaka cha 2025, Akiva Schaffer adatsitsimutsa kanema wa nthabwala wa The Naked Gun, amene adatuluka koyamba mu 1988 potsatira masewero a pa wailesi ya kanema a Police Squad! a 1982. Funso lathu n'lakuti: kodi wapolisi wopusa angaseketsebe anthu lerolino, makamaka a mu Lusaka?

Tikaonetsetsa, chimene chinkaseketsa mwa Leslie Nielsen, yemwe adamwalira mu 2010, sikugwa kapena kugunditsa galimoto kokha ayi, koma nkhope yosamwetulira ya munthu wosadziwa kuti akulakwitsa. Pa chifukwa chimenechi, kusankha Liam Neeson kukhala mwana wa Frank Drebin kudali kwanzeru, pakuti oonera adamzolowera ngati munthu waukali wa mu Taken. Kanemayu akufooka pamene Drebin akumenya anthu mosatsata lamulo. Chiphedwere George Floyd mu 2020, nthabwala yotere imafuna luso loposa limene Schaffer waonetsa.

Kwa ife a zilankhulo, vuto lalikulu lili pa mawu. Kugwa m'matope kumaseketsa wa ku Kabwata ndi wa ku Kabulonga mofanana, koma nthabwala zambiri za Drebin zagona pa liwu limodzi la Chingerezi la matanthauzo awiri, iye n'kutola lolakwika. Zoterezi zimafera m'manja mwa womasulira, ndipo oonera amagawikana monga mwa sukulu imene adaphunzira.

Komabe Lusaka ali ndi chuma chake. Chinyanja chidali chilankhulo cha apolisi ndi asilikali a Northern Rhodesia, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene chidazikira mizu mu mzindawu utakhala likulu mu 1935. Choncho liwu lolamula la mwini yunifolomu lidakhazikika kale m'makutu mwa anthu. Wapolisi wa m'sewero amene akukalipa m'Chinyanja chakuya cha Kum'mawa, mnyamata wa minibasi ya ku Chelstone namuyankha m'Chinyanja cha m'tauni chosakaniza Chibemba ndi Chingerezi, aliyense kumva zakezake, ndiye Drebin wathu weniweni. Bikiloni ndi Diffikoti adaonetsa kale kuti Chinyanja cha m'tauni chimanyamula nthabwala. Chotsala ndi mlembi wolimba mtima womuveka wopusayo chipewa cha boma, osamusandutsa chilombo.