Kukwera kwa Liwu m'Kalembedwe ka Chiarapaho: Ndemanga pa Buku la Cowell ndi Moss

Buku lotchedwa The Arapaho Language, limene Andrew Cowell adalemba pamodzi ndi Alonzo Moss Sr., lidatuluka mu 1908 kuwonjezera zaka zana limodzi, ndiko kuti mu 2008. Likufotokoza malamulo a Chiarapaho, chiyankhulo cha m'banja la Algonquian. Eni ake ambiri ali ku Wind River m'chigawo cha Wyoming, kumene boma la Amereka lidawakhazika mu 1878; ena ali ku Oklahoma. Sitiyenda nalo mutu ndi mutu. Tiima pa mfundo imodzi imene ikukhudza onse okonza malamulo a kalembedwe.

Kalembedwe kamene Aarapaho amagwiritsa ntchito kadakonzedwa ndi Zdeněk Salzmann chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kali ndi malembo 16: a liwu anayi, opanda liwu 12. Lembo la a mulibe, pakuti chiyankhulocho chilibe liwu lotero. Liwu lotuluka lilime lili pakati pa mano amalilemba ndi nambala 3, monga m'mawu akuti he3, galu. Ena angaseke, ife tikuyamika, popeza 3 amapezeka pa taipilaita iliyonse.

Koma m'zolemba za tsiku ndi tsiku, kukwera kwa liwu sikuonetsedwa, chonsecho kumasiyanitsa matanthauzo. Tecénoo ndi chitseko. Técenoo ndi lamulo louza munthu kuti afunyulule chinthu. Cowell ndi Moss amaika chizindikiro pa phatikizo lokwera m'zitsanzo zawo, ndipo apa, m'kuona kwathu, mpamene pagona mphamvu ya bukuli. Zitsanzo zambiri nzotapa m'nkhani zenizeni, monga zija adasimba Paul Moss, bambo wake wa Alonzo, zimene zidasindikizidwa mu 2005. Si ziganizo zopekera pa desiki ayi.

Vutoli si lachilendo kwa ife. M'Chichewa timalemba mtengo, kaya ndi wa m'nkhalango kaya ndi wa pamsika, ndipo wowerenga sasokonezeka chifukwa liwulo ali nalo kale m'khutu. Kalembedwe kosaonetsa kukwera kwa liwu kamadalira wowerenga amene adayamwira chiyankhulocho. Ku Wind River wowerenga wotereyo akusowa: pomwe bukuli linkatuluka, odziwa kuyankhula bwino anali mazana owerengeka, pafupifupi onse okalamba. Mwana wophunzira Chiarapaho kusukulu, kunyumba akuyankhula Chingerezi, adzaika liwu pamene Chingerezi chamuuza. Nanga agogo atapita, adzamuwongola ndani?

Chodandaula chathu nchakuti bukuli lasunga chumachi m'nkhokwe imene makwerero ake ali ndi akatswiri okha. Lidalembedwa m'Chingerezi cha akadaulo a ziyankhulo. Komanso m'Chiarapaho malo a liwu lokwera amasuntha pamene aphatikiri alumikizidwa ku tsinde la mneni, ndipo mneni wake amanyamula aphatikiri ambiri. Mphunzitsi wa ana aang'ono sangatole m'masamba otere lamulo loti akalowe nalo m'kalasi mawa m'mawa. Sitikunena kuti alembi adalakwa posankha owerenga awo. Tikunena kuti ntchito yatsala theka.

Maganizo athu ndi akuti kalembedwe kamodzi kangathe kukhala ndi zovala ziwiri. Makalata ndi zikwangwani zikhale zopanda zizindikiro monga anthu adazolowera. Koma mabuku oyambira kuwerenga, mtanthauziramawu ndi nkhani zolembedwa kuchokera pakamwa pa akuluakulu zionetse phatikizo lililonse lokwera, ndipo mawu ojambulidwa atsagane nazo.